Matumba Makumi Anayi

Lole yafika pa kampu ya Bangula dzuwa lili paliwombo.
Matumba makumi anayi,
mabanja makumi anayi ndi limodzi.
Ine Zuze Alufandika, mphunzitsi wa masamu wopanda kalasi
poti m'kalasi mwanga mukugona anthu a ku Makhanga,
andipatsa cholembera ndi kaundula.

Masamu sanama: wina ayenera kubwerera chimanjamanja.
Palibe pozembera.
Koma ndikauyang'ana mzere, nkhope ndi nkhope,
sindikumupeza munthu amene ayenera kubwerera chimanjamanja.
Nyakuipa akhoza kulandira.
Tchale wa bwato akhoza kulandira.
Aliyense akhoza kulandira
koma onse sangalandire.
Mawu ndi omwewo, ndangowasinthitsa mipando,
ndipo pakati pa mipandoyo pagona mimba ya munthu.

A Semba akuti, "Zinalembedwa kale, tsokali ndi langa."
Ayi, bambo.
Chinalembedwa n'chakuti thumba laperewera.
Dzina silinalembedwe.
Dzina lili kunsonga kwa cholembera changa,
n'chifukwa chake dzanjali likunjenjemera.

Kenaka Joakina, chitenje chidakali ndi matope a Ruo.
"Lembani atatu."
Ndikuona awiri, iye ndi kamtsikana komugwira chala.
"Wachitatu ndi Jowawo,
amene ndikanabala chaka chamawa
bambo ake akanapanda kubwerera kukamasula mbuzi
usiku umene mtsinje unasiya njira yake.
Dzina tinali titasankha kale."

Ndikuvomera, mayi: zikanatheka kuti pakhale mwana.
Koma kodi alipo, penapake, amene akanakhala mwanayo?
Ndi bango liti, ndi dontho liti la Shire,
pa zonse zilipozi n'chiti chimene ndingachiloze
n'kunena kuti ichi chikanakhala Jowawo?
Kapena ali chikhalire kuseri kwa dziko,
wopanda thupi, wopanda chithunzithunzi,
koma wowerengeka ndithu, akudikira aitanidwe?
Sindidziwa.
Kaundula ali ndi mizere ya okhawo amene angatsokomole.

Pamwamba pa tsamba bwana wa kuboma analemba:
ONSE ALANDIRE.
Onse ati?
Lolemba lapitali mwamuna wa Joakina anali m'kati mwa onse.
Lero liwulo lanyala ngati mlamba wowamba.
Onse amadzaza n'kuphwa
ngati madzi a pa Mtayamoyo,
ndipo lonjezo lopachikidwa pa liwu lotere
limayandama nalo.

N'zoona, tsiku lililonse, zivute zitani,
onse amene alipo, alipo.
Mawu opanda fupa, sangagwidwe bodza.
Koma pamzerewu palibe ndi mmodzi yemwe
amene sakanatha kusowa.
Mtengo wa mango tinakwera usiku uja ukanangozuka,
mpando uno pakanakhala wina,
akuwerenga onse ake, ine mulibe,
ndipo masamu ake akanakwana bwinobwino.

Ndili m'maganizo omwewa, Tchale wasolola mpeni wa nsomba.
Watumbula msoko wa thumba loyamba,
watapa mbale imodzi,
wathira m'thumba lopanda kanthu limene anatandikira mwana.
Lachiwiri. Lachitatu.
Azimayi akuwerenga mokweza, wina akuseka,
a Semba agwirizira kukamwa kwa thumbalo.
Pofika pa la makumi anayi
laimirira lokha, lopendekeka, la makumi anayi ndi limodzi.

Kuyenera kwanga kuja, kolimba ngati njanji ya ku Chiromo,
kunali kutatsamira pa ulusi wa msoko.
Ndinawerenga njira zonse zimene zikanatheka
kupatula zokhala ndi mpeni.

Joakina wasenza lake.
Pa dzina lake ndalemba awiri, monga afunira a boma,
ndipo pambali pa nambalayo ndadontheza kadontho
kamene bwana akadzakaona
adzati ndi ntchentche inatera pamenepo.